Njereza ya Za Liboria

Ku Serrabianca, m'mapiri a Madonie pa chilumba cha Sicily, ukafuna kudana ndi mudzi wonse sufunika kuba nkhosa ya munthu. Ungonena kuti Cursa inali phokoso lachabechabe, basi wamaliza. Cursa ndi mpikisano wa magalimoto umene unkadutsa m'mudzi mwathu chaka ndi chaka mwezi wa Meyi, mumsewu womwewu umene timayendamo popita kuchigayo ndi kumaliro. Unatha kalekale, akuluakulu ataona kuti liwiro la magalimoto likukula pamene msewu sukukula, koma amuna a kwathu amaukambabe ngati wachitika dzulo.

Kuzungulira kamodzi kunali makilomita 72 a makona okhaokha, ndipo galimoto iliyonse inkazungulira kakhumi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madalaivala awiri akulandirana. Kukatsala tsiku limodzi, wolengeza wa m'mudzi ankayenda ndi ng'oma yake: “Tsekerani ana, agalu, nkhuku ndi abulu! Amene agundidwe mawa asadzabwere kudzadandaula kwa a meya!” Anthu ankatsekeradi zonsezo. Nkhuku ndi abulu zinkamvera, koma ana ankatulukira pawindo.

M'mudzi monse muli munthu mmodzi yekha amene nkhani za Cursa zikayamba ankakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Ameneyo ndi Liboria Scialabba, amene tonse timangoti Za Liboria, azakhali a aliyense. Ndi mayi wamfupi, wa manja olimba ngati a mmisiri womanga, ndipo pakamwa pake sipachedwa. Nyumba yake ndi yaukhondo moti anthu amati ntchentche imayamba yapukuta mapazi pakhomo. Anabereka ana anayi, anakama nkhosa zaka makumi anayi, ndipo tchizi chake chinakwatitsa ana aakazi awiri popanda kupempha thandizo kwa munthu.

Anthu ankati sakonda magalimoto chifukwa ndi wa kunyanja. Anabadwira m'mudzi wa asodzi kugombe la kummwera, kumene chinthu chothamanga kwambiri chinali njinga ya wansembe. Koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Za Liboria anali ndi mlandu ndi Cursa, ndipo anaubisa zaka makumi asanu. Sanauze mwamuna wake Cataldo, sanauze ana ake, ngakhale wansembe polapa ankangomupatsa timachimo ta miseche ndi mkwiyo.

Anakwatiwa mu 1966 ali ndi zaka makumi awiri. Kwathu kuno, Meyi woyamba wa mtengwa ndi mayeso. Chifanizo cha Amayi Maria chisanazungulire mudzi kumapeto kwa mweziwo, mtengwa amayenera kupaka njereza nyumba yonse yekha, kutsogolo, kumbuyo, ndi khola lomwe. Akatero akazi achikulire amadutsa ngati akupita kotunga madzi, koma maso ali pakhoma. Apongozi a Liboria, Donna Epifania, ankatha kuona pamene mwana wagwira khoma ndi chala iwo ali tsidya lina la msewu.

Meyi wa 1967 Liboria anamaliza ntchitoyo Lachiwiri la sabata ya Cursa, manja atasupuka ndi njereza. Nyumba ya a Scialabba ndi yomaliza ukamatsika kuchoka m'mudzi, ndipo khoma la kumbuyo kwa khola la nyulu layang'ana msewu. Ukapitirira pang'ono, msewu umakhotera kumanzere mwadzidzidzi kuseri kwa thanthwe, ndipo kunsi kwa konayo kuli munda wa nyemba wa Cataldo. Lachitatu m'mawa Liboria anapeza pakhoma lake loyera mbee pali mzere wofiira wa penti, ndi nambala 2 yaikulu ngati chitseko.

Panali chinthu chimene mwana aliyense wa kuno ankadziwa koma mtengwa wa kunyanja sankadziwa. Makona a Cursa anali ochuluka moti palibe mutu wa munthu umene ukanawasunga onse. Choncho sabata yoyeserera madalaivala ankayenda ndi zitini za penti, n'kumalemba zizindikiro zawo pamiyala, pamitengo ndi pamakoma a anthu. Mzere unkatanthauza kuti ponda buleki pano, nambala inkanena giya, ndipo aliyense anali ndi mtundu wake wa penti. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma Liboria akanafunsa ndani? Sabata imeneyo Cataldo ankagona kuphiri ndi anzake kusunga malo abwino oonerera, ndipo kwa apongozi supita kukadzineneza kuti khoma lako lada. Anaganiza kuti ndi ana a pafupi, anatukwana makolo awo chamumtima, n'kutenga ndowa ndi bulashi.

Lachinayi nambala ija inabwerera. Anaipakanso. Lachisanu inabwereranso, yonenepa kuposa kale, kuoneka kuti wolembayo nayenso wayamba kupsa mtima. Apa njereza inali itatha, ndipo ina inafika Loweruka madzulo, pamodzi ndi uthenga woti Donna Epifania abwera mawa ndi abale awo awiri kudzaonera mpikisano panyumbapo. Liboria anamva kale m'makutu mwake zimene akanene: “Kodi kwanuko nyumba mumazilemba manambala ngati mabwato?”

Lamulungu kutangoyera, msewu usanatsekedwe, anapaka khomalo katatu konse kuti kufiira kusaonekere. Ali mkati mwa ntchito anamva kachipangizo kakulira kumtunda kwa msewu. Anali Zu Onofrio, malume wa mudzi wonse, wometa tsitsi, akuyesa kamera yake yatsopano yojambulira kanema pa chilichonse choyenda. Liboria, pokhala mwana, anamukwezera bulashi m'mwamba n'kumutulutsira lilime.

Amene sanaione Cursa sangamvetse, ndipo ine sindimunena. Mapiri onse ankadzaza anthu okhala ndi buledi, tchizi ndi mabotolo a vinyo. Galimoto unkayamba kuimva ikadali kuchigwa, ikulira, ikuzimirira kuseri kwa phiri, ikumvekanso, ndipo amuna ankakangana kuti ndi ya ndani asanaione. Kenako inkatulukira pakati pa nyumba, makapu m'kabati n'kumagwedezeka, fumbi ndi fungo la mafuta opsa n'kulowa mpaka m'zipinda zogona. Nkhalamba zosayenda zinkaimirira pamipando. Ngakhale Liboria anakwera padenga n'kumakuwa nawo, osadziwa amene akumukuwira.

Panali kagalimoto kabuluu, nambala 94, kamene kanali patsogolo pa tinzake ta msinkhu wake. Maulendo anayi oyamba anakayendetsa Achille Tosoni, amene zizindikiro zake zinali zachikasu, pamiyala. Cha kumasana anapatsira mnzake, Ermete Galvagni, dokotala wa ziweto wa ku Cremona kumpoto, mnyamata wa zaka 28 amene analota Cursa kuyambira ali wamng'ono. Ameneyo ndiye anali mwini penti yofiira. Anatsika m'mudzi liwiro lili lonse, maso akufunafuna 2 wake, n'kungoona khoma loyera bwino lopakidwa ndi mtengwa wakhama. Pamene ankazindikira kuti kona yafika, buleki inali itachedwa. Galimoto inaboola mitolo ya udzu, inagubuduka kamodzi, n'kukakhala chilili pakati pa nyemba.

Cataldo ndi anzake anatsetsereka phiri, anamusolola m'galimotomo n'kubwera naye kunyumba. Anali atathyoka fupa la paphewa, kwina konse ali bwinobwino. Ambulansi sikanadutsa mpikisano usanathe, choncho Donna Epifania anamugoneka pabedi la akwati n'kuyamba kumuchiza ndi vinyo ndi msuzi wa nkhuku. Liboria analowa ndi beseni la madzi, n'kumva mlendoyo akubwebweta.

“2 wanga... 2 wanga wofiira uja ali kuti? Sindinamuone.”

“Alipo, Dottore,” anayankha amuna aja, pomutchula mmene timatchulira dokotala kwathu kuno. “Pakhoma la khola. Dzulo lomweli tamuona ndi maso athu.”

Beseni linatsala pang'ono kumupulumuka Liboria. Apo m'pamene anazindikira amene wakhala akulimbana naye sabata yonse. Kwathu kuno munthu wolakwira Cursa analibe pobisala, ndipo iye anadziona kale ali pabasi yobwerera kunyanja, katundu pamutu, mudzi wonse ukumuloza. Madzulo, ambulansi itanyamula wovulalayo ndipo anthu onse atakhamukira kubwalo kukamva zotsatira, anatenga chitini cha penti yofiira imene Cataldo ankalembera nkhosa, n'kuzembera kuseri kwa khola. Anajambula mzere ndi nambala ija ndendende. Anali ataifafaniza katatu, ankaidziwa bwino kuposa mwini wake.

Patapita masiku awiri madalaivala aja anabwera kudzatenga galimoto yawo, Ermete mkono uli m'nsalu. Anaima pakhoma paja. Tosoni ankaloza nambalayo n'kumakalipa m'chilankhulo cha kwawo kumpoto, chimene Liboria sankachimva, ndipo Ermete anangozyolika. Liboria, ali kuseri kwa katani, mtima wake unakhala pansi. Anaganiza kuti akukangana za galimoto yowonongeka, ndipo iye wapulumuka.

Ermete Galvagni sanapikisanenso, koma sanaiwale banja limene linamusamala. Khirisimasi iliyonse kunkafika phukusi la maswiti a uchi ndi kalata. Mwana woyamba wa Liboria ndi Cataldo atabadwa, Dottore anakwera sitima masiku awiri kudzamuimira paubatizo. Cataldo naye anapeza nkhani yodyera moyo wake wonse. Chaka chilichonse galimoto ija inkauluka m'mwamba kuposa chaka chapitacho, anzake omuthandiza ankachepa mpaka anatsala yekha, ndipo mtunda umene anamubereka Dottore unakula mpaka ena tinayamba kuganiza kuti anakamutula kumzinda wa Palermo. Meyi aliyense ankatsitsimutsa nambala ya pakhoma ija ndi penti yatsopano, alendo n'kumabwera kudzajambulitsa pa “2 wa Dottore”. Liboria ankawapatsa madzi akumwa ali chete.

Sikuti sankafuna kuulula. Anati adzanena mwana akabadwa. Kenako anati apongozi akadzamwalira, koma Donna Epifania anakhala mpaka zaka 96, mwina mwadala. Kenako anati ana akakula. Zengerezu analinda kwawukwawu. Mumtima mwake ankadziwa chinthu chimodzi, kuti anawonongera munthu wabwino mpikisano wake umodzi wokha, ndipo munthuyo amamutumizira maswiti.

Koma mlandu suola. Mu 2017, Za Liboria ali ndi zaka 71, mwana wamkazi wa malemu Onofrio ankasesa m'nyumba yometera ija kuti aigulitse, ndipo anapeza chitini cha makanema. Cataldo anabwera kunyumba akuthamanga, chinthu chimene mawondo ake anali atasiya kale.

“Libò! Libò! Uli kuti? Tikaoneka pa kanema!”

“Ukukuwa chiyani ngati nyumba yapsa? Pukuta mapazi.”

“Kanema wa malemu Onofrio wapezeka. Wa 1967! A kalabu yathu ya okonda Cursa amutumiza ku Palermo kuti akamukonze. Tikamuonera m'holo ya parishi tsiku limene magalimoto akale adzadutse, ndipo Dottore wavomera kubwera. Tsopano amene amati ndimanama aona okha. Tsiku lonse lilimo, kuyambira m'mawa.”

Za Liboria anaika mpeni pansi. “M'mawa wa nthawi yanji?”

“Ndidziwa bwanji ine? M'mawa ndi m'mawa.”

“Catà, ine ndinamva kuti makanema akale amayaka okha. Mukufuna kutentha holo ya bambo mfumu?”

“Iwe, unayamba liti kudera nkhawa holo? Uzikonza zovala. Ine undisitire jekete la paukwati wa mwana wathu Nunzia.”

“Jekete limenelo linakukana kalekale. Mimbayo uisiya kunyumba?”

Milungu itatu imene inatsala kuti tsikulo lifike, Za Liboria anayesa zonse. Anapita kwa wapampando wa kalabu ndi tchizi chathunthu kukafunsa ngati angaone kanemayo yekha kaye, wapampando analandira tchizicho n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, onse adzaonera limodzi. Anayatsa kandulo kutchalitchi kupempha kuti magetsi adzazime tsikulo, kenako anachita manyazi n'kuizimitsa. Anati mwina adzadwale, koma Za Liboria sanadwalepo chiyambire, palibe akanamukhulupirira.

Tsikulo linafika. M'mawa magalimoto akale anadutsa pang'onopang'ono, opukutidwa mpaka kunyezimira, akuyendetsedwa ndi madoda a dazi ovala magolovesi, ndipo amuna athu anagwetsa misozi pongomva kulira kwa mainjini. Dottore anafika pa takisi. Anali atakalamba, wamtali wowerama, ndodo m'manja ndi kachipangizo komvera kukhutu. Anapsompsona Cataldo masaya onse, anagwira dzanja la Liboria ndi manja awiri, ndipo anakhala pansi kudya pasita, chakudya chathu cha ufa wa tirigu, wophikidwa ndi nyemba zaziwisi.

“Dottore,” anayamba Za Liboria, “pali kanthu kena kamene...”

“Mukukumbuka mmene ndinakunyamulirani?” analowerera Cataldo. “Dzanja limodzi! Linalo ndinagwira nalo chipewa chanu.”

“Catà, vinyo watha.”

“Watha bwanji, botolo ili lili...”

“Ndati watha. Katenge wa m'chipinda cha pansi, wa kuseri kwenikweni.”

Cataldo atatuluka, Za Liboria anatsegula pakamwa, koma Dottore ndi amene anayamba kulankhula, maso ali m'mbale.

“Donna Liboria, ndikuuzeni zoona, kanemayu ndikumuopa.”

“Inunso?”

“Palibe amene amafuna kuonanso tsiku limene anazindikira kuti ndi wamantha. Mukukumbuka titabwera kudzatenga galimoto? Ine ndinali nditauza Achille kuti chizindikiro changa panalibe. Tinafika pakhoma, n'kuchipeza chilipo, chachikulu, chofiira, mwana wakhanda akanachiona. Achille anandiuza kuti, ‘Ermete, unachita mantha, unatsinzina, ndipo pamwamba pake ukunama.’ Ndikanayankha chiyani? Khoma linali kumbali yake. Ndinavomereza kuti maso anga kapena mtima wanga, chimodzi mwa ziwirizi sichikhulupirika. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya. Ngakhale popita kotemera ng'ombe, mkazi wanga ndi amene ankayendetsa.”

Zaka zonsezi Za Liboria ankalira bulashi ya m'mawa ija. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti imene inapweteka munthu ndi ya madzulo, imene anadzipulumutsa nayo. Asanapeze mawu, Cataldo anatulukira ndi mabotolo awiri ndi ukonde wa kangaude m'tsitsi, ndipo belu la kuholo linalira.

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pamawindo. Anatseka makatani, chifukwa dzuwa la masana linali likadali lamphamvu. Dottore anamukhazika kutsogolo pakati pa meya ndi Cataldo, amene jekete lake linali lomangidwa batani limodzi lokha, nalonso mokakamiza. Za Liboria anakhala ndi akazi anzake mzere wachitatu, kolona m'manja. Wapampando wa kalabu anaima pa makina.

“Abale, mphindi zoyambirirazi tidumpha,” anatero. “Mulibe magalimoto. Ndi agalu, nkhuku, ndi mzimayi wina akupaka khoma. Mukudziwa mmene analili malemu Onofrio.”

“Dumpha! Dumpha!” anakuwa amuna. “Tabwerera magalimoto ife!”

Anadumphadi. Za Liboria anayang'ana kudenga. Kandulo anali ataizimitsa, komabe pemphero linayankhidwa. Amuna a Serrabianca akhoza kukuuza nambala ya galimoto imene inadutsa zaka makumi asanu zapitazo, koma mkazi wogwira ntchito samuona ngakhale atamuika pachinsalu chachikulu ngati khoma.

Kanemayo analibe mawu, koma anthu anamuikira okha. Ena ankalira ngati mainjini, ena ankatchula maina a akufa. “Bambo anga awo, a chipewawo!” “Taonani Turi akadali ndi tsitsi!” “Iwe, si amayi ako aja akuthawa ndi mpando?” Magalimoto ofiira, oyera ndi asiliva ankatuluka pakati pa nyumba zathu n'kuzimirira m'fumbi, ndipo nkhalamba zinkakhota nawo matupi pamipando. Kenako kamera inaloza kunsi, pa kona, ndipo kagalimoto kabuluu kanalowa m'chithunzi kakuthamanga mopitirira. Udzu unamwazika. Holo yonse inati “Uuu!”

Ndiye anaoneka Cataldo wachinyamata, wowonda ngati bango, akutsetsereka phiri. Anapunthwa, n'kugwa chafufumimba m'nyemba. Pamene ankadzuka, anzake atatu anali atamusolola kale Dottore, ndipo iye anathamangira kukagwira mwendo umodzi.

“Dzanja limodzi, Zu Catà!” anakuwa wina kumbuyo. “N'zoonadi, dzanja limodzi, mwendo umodzi!”

“Kamerayo inali yokhota!” anayankha Cataldo. “Onofrio sankadziwa kujambula!”

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Za Liboria sanaseke. Iye ankayang'ana msana wa Dottore. Nkhalambayo inali itazyolika, ndendende mmene inachitira pakhoma paja, ndipo sinadzutse mutu mpaka kanema anatha. Khoma silinaoneke paliponse. Anthu anaomba m'manja, wina anayamba kutsegula makatani, ndipo Za Liboria akanangoimirira n'kupita kwawo ndi chinsinsi chake mpaka kumanda.

Anaimiriradi, koma sanapite.

“Tsekani makataniwo. Onetsani poyamba paja, pamene munadumpha.”

“Za Libò, pajatu palibe kanthu,” anatero wapampando. “Ndi nkhuku chabe.”

“Tchizi changa unadya, lero undimvera. Onetsa.”

“Libò, khala pansi,” ananong'ona Cataldo mokweza. “Ukundichititsa manyazi pamaso pa a meya.”

“Manyazi wadzichititsa wekha m'nyemba muja. Dottore, dzutsani mutu. Ichi ndi chanu.”

Pachinsalu panabwera galu, kenako nkhuku ziwiri, kenako msewu wopanda munthu, dzuwa likungotuluka. Kenako panaoneka khoma la khola, mzere wofiira ndi 2 wamkulu zili pamenepo, ndi mtsikana wamfupi womanga mpango kumutu atanyamula ndowa. Anaviika bulashi. Nambala ija inayamba kutha, mutu kaye, kenako khosi, kenako mchira, mpaka khoma linayera mbee. Mtsikanayo anatembenuka, anakweza bulashi m'mwamba, n'kutulutsira lilime mudzi wonse wa Serrabianca.

M'holo munali zii. Za Liboria analankhula mpaka kumaliza.

“Ameneyo ndine. Linali tsiku la mpikisano, m'mawa. Sindinkadziwa kuti nambalayo ndi ya ntchito. Nditazindikira ndinachita mantha, ndipo madzulo ndinakailembanso ndekha. Imene munaipeza ndi bwenzi lanu ija inali yanga.”

Dottore anaimirira osatenga ndodo. Anayenda mpaka pachinsalu, pamene wapampando anali ataimitsa chithunzi, n'kuika chikhatho pakhoma loyeralo ngati akufuna kumva ngati njereza yauma.

“Panalibe,” anatero motsitsa. Kenako anatembenuka, nkhope itanyowa, akuseka ngati mwana. “Panalibe! Mwaona nonse? A meya, mwaona? Sindinatsinzine ine! Maso anga anali otsegula!”

Holo inaphulika. Amene Za Liboria ankaopa kuti amuloza chala ankaomba m'manja, ena akuguguda mipando, akazi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Cataldo yekha ndi amene anali akadali m'mbuyo pa nkhaniyo.

“Dikirani kaye. Ndiye nambala imene ndakhala ndikupenta chaka ndi chaka ija ndi ya ndani?”

“Ya akazi ako, Zu Catà!”

“Ndi penti yako ya nkhosa,” anawonjezera Za Liboria.

“Ndiye chifukwa chake chitini chija chinapepuka! Ine n'kumenya mlamu wanga!”

Phokoso likupitirira, Za Liboria anapita kutsogolo n'kuima pamaso pa Dottore.

“Dottore, ndikhululukireni. Ndinakuwonongerani mpikisano.”

“Mpikisano ndi tsiku limodzi, Donna Liboria, ndipo khomalo linali lanu. Ine ndinalemba osapempha.” Anapukuta m'maso ndi chikhatho, kuseka kuja n'kuchepa pang'ono. “Koma pali munthu mmodzi amene ndikanakonda aone kanemayu. Achille anamwalira chaka chatha. Tinkakhala mumzinda umodzi, ndipo zaka makumi asanu tinkawoloka msewu tikaonana.”

Za Liboria anangoima pamenepo misozi ikutsika, anthu a kumbuyo osadziwa chimene chanenedwa akupitiriza kuseka. Dottore anamuyang'ana kanthawi. Kenako anakankha Cataldo ndi chigongono kuti asendere, anagwira dzanja la mayiyo n'kumukhazika pampando wa pambali pake.

“Khalani apa,” anatero. Ndiye anakweza mawu kwa wapampando: “Bwana, onetsaninso pamenepo. Magalimotowo asiyeni, ndinawaona kale.”

Anaonera kanayi. Ulendo uliwonse mtsikana uja akatulutsa lilime, holo yonse inkagwa ndi phwete. Za Liboria sanayang'anenso pachinsalu. Ankayang'ana nkhope ya nkhalamba ya pambali pake, imene inali itatong'ola maso, osaphethira, ili chigwirire dzanja la mayiyo.